Chofunda cha a Tchale

Anthu a kumtunda amaseka:
ku Bangula chofunda n'chachiyani,
kumene mchenga umawotcha mapazi
ndipo mbuzi zimabisala kunsi kwa lole?
Sanagonepo kuno mwezi wa Juni,
mbandakucha, mphepo ikamachokera kudambo
n'kukulowa m'mafupa ngati ngongole.

Ine ndine telala wa pakhonde la golosale ya Zuze.
Makina anga ndi opalasa, akale kuposa ine.
Zidutswa zotsala ndimazikankhira m'katoni ndi phazi,
ndipo katoniyo ali ndi eni ake awiri.

Nyakamera amabwera madzulo
akatha kugulitsa milamba yowamba,
manja akununkha utsi.
Lula samudziwa. Amayeza ndi chikhatho,
amaluma m'mphepete mwa nsalu n'kung'amba,
chofiira n'kuchigundika pa chofiira chinzake
mpaka maso ako alengeze misozi.
Msoko wake umayenda ngati njira ya kudimba,
kukhota pamene wafuna, osapepesa.

Fulanzina, mwana wa mlongo wanga,
anabwerako kusukulu ndi lula woonekera mkati
ndi foni yodzaza nyenyezi za nsalu.
Amadula timakona titatu, mazanamazana,
msoko uliwonse amaupsinja ndi nsimbi yamakala.
Amati buluu popanda chikasu
ndi ndiwo zopanda mchere.
Nsonga ikaphonyana ndi nsonga inzake
amaphwasula zonse, osadya.

Mwezi wathunthu akhala akulimbirana
kachidutswa kamodzi, kamtundu wa duwa la namasupuni.

Kenaka anafika a Tchale a ku Makhanga,
pabwato, ndi thumba la feteleza paphewa.
M'thumbamo zitenje zinayi, dilesi la tchalitchi,
mpango, ndi kayunifolomu ka sitandade thuu,
zofukula m'matope madzi ataphwa.
Za eni ake sananene.
Ifenso sitinafunse.

Mitundu yonse inali itapita ndi Ruo.
Unatsala umodzi, wa dothi louma.
Fulanzina anati, apa palibe chosoka.
Nyakamera sanayankhe. Anakhala pansi,
n'kulowetsa nsonga ya singano mumpendero,
ulusi umodzi, wachiwiri, wachitatu,
ndipo mkatimo, momwe dzuwa ndi matope sizinafike,
kubiriwira kunali kukadali moyo,
kopyapyala ngati chala cha khanda.

Anamasula mipendero yonse masiku awiri.
Munatuluka chikasu, munatuluka kufiira kwa phwetekere,
ndi buluu wa kolala ya kayunifolomu kaja.
Apa lula anagwira ntchito yake:
timizere timeneto sitikanalola kung'ambidwa ndi mano.
Zigamba zazikulu zotuwa anasoka Nyakamera pamanja,
timizere anatilowetsa Fulanzina pamakina anga.
Pakati tinayala thonje la m'munda mwanga
limene ogula analikana kuti ndi lakuda,
titalichotsa nthangala usiku ndi tochi ya foni.

Pali malo pamene msoko wowongoka
ukukumana ndi msoko wokhota.
Sakugwirizana. Koma sakung'ambika.

Titachiyanika pachingwe ndinachionera kutsidya kwa msewu.
Chinali chigwa chathu chomwechi m'mwezi wa Epulo:
matope mbali zonse,
ndi mizere ya chimanga chongomera kumene.

A Tchale analipira ndi dengu la mapira ndi bakha.
Anachiyala pansi, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono
ngati munthu wofuna dzina lake pamndandanda wa ufa,
mpaka chinaima pa kabowo kopsa ndi khala lamoto,
kamene Fulanzina ankafuna kukadula,
Nyakamera n'kukazunguliza ulusi wakuda.

Apa, anatero. Ankaphika nyemba.

Anachipinda kanayi, n'kuchiika m'thumba lomwe lija,
kuthamangira bwato lomaliza.

M'mawa mwake mkangano unayambiranso.
Akutembenuza katoni, akulozana zala,
wina akuti wakuba, wina akuti mfiti.
Ine ndikungopalasa makina, maso pa singano.
Kachidutswa ka namasupuni kali m'thumba la malaya anga.