Jezi Nambala Teni

Mu Ogasiti, dzuwa la ku Pueblo likuwamba udzu,
a Lindqvist anaima pakati pa bwalo ndi kope lawo,
zala zili mbuu ndi choko cha m'kalasi ya sayansi.
Anaitana mayina. Tinavomera khumi ndi anayi.
Chaka chatha tinali makumi awiri ndi mmodzi.
Atafika pa Ezequiel anatsokomola,
n'kulumphira mzere wotsatira.

Ine ndine goloboyi. Ntchito yanga ndi kuyang'ana misana,
ndipo msana wake ndinkaudziwa kuposa nkhope ya mlongo wanga:
phewa lakumanzere likangotsika, wina agwa chagada.
Tinayambira pa simenti kuseri kwa nyumba yochapira zovala,
zigubu za sopo zili magolo,
mpira wake wosupuka ngati bondo.

Kunabwera bambo wa jekete yabuluu kuchokera ku Denver.
Sanakuwe, sanaombe m'manja, ankangodina foni.
Chikalata chimene anasiya chinali cha masamba asanu ndi limodzi.
Tsamba lachinayi linati: wosewera wathu sasewerera sukulu.
Mayi ake anasaina ali chiimire,
yunifolomu ya kuchipatala ili m'thupi,
n'kupempha mashifiti ena awiri ausiku.
Petulo, hotela, nsapato, ndalama ya kalembera.
Madola ake ndisatchule, pakamwa pangawawe.

Maola awiri kupita, awiri kubwera, kanayi pa sabata.
Masamu amalembera pa ntchafu, msewu ukugwedeza cholembera.
M'kalasi amagona maso ali pamtunda ngati nsomba.

Ife tatsala ndi Dashiell wa mphumu,
mapasa a kwa Vukovich amene akungodikira nyengo ya basiketi,
ndi kamnyamata katsopano kamene kamapepesa kakakuponda.
Anatithira zisanu kwa duu.
Anatithira zitatu kwa chimodzi,
ndipo chimodzicho tinachivinira ngati tatenga chikho.
Mabenchi a owonerera akuoneka nthiti.
Woimba ng'oma wa bandi amabwerabe,
amaimenya yekha, mokwiya, mpaka wezulo yomaliza.

Lachisanu lina mu Okutobala, mphepo ikutsika m'mapiri,
ndinamuona kuseri kwa waya,
chipewa chitaphimba nsidze,
manja m'matumba a jekete ya kalabu.
Ndinali nditamva kale:
masewero anayi, mphindi khumi ndi ziwiri.
Kumeneko anyamata otsitsa phewa ndi mbwee,
aliyense anali mfumu pa simenti ya kwawo.

Mpira unalumpha waya.
Thupi lake silinafunse tsamba lachinayi:
chifuwa, ntchafu, phazi,
mpira phee, ngati mwana wakhuta bere.
Kenako anacheuka uku ndi uku
monga munthu watola chikwama cha eni,
anawerama, n'kuunyamula ndi manja,
n'kuuponya m'bwalo.

Ndi manja. Ezequiel.

Ndinafuna kumuitana dzina lake lakale lija,
koma adani anali atatsetsereka kale kumapiko,
mapasa onse awiri akuthamangira munthu mmodzi.
Chachinayi chinandidutsa m'khwapa.

Sindimuda ayi.
Bambo wa jekete uja akanaloza ine
ndikanasaina magolovesi ali m'manja.
Sanandiloze.
Ndipo mwina tsiku lina tidzamuona pa kanema,
ine ndikuuza ana m'sitolo kuti uyo ndinkamugwirira mipira,
iwo osakhulupirira.
Mwinanso adzabwera ndi bondo losokedwa
sukulu itatseka kale kaundula wathu.

A Lindqvist jezi ija sanaipereke kwa wina.
Ili m'kabati ya labu, pamwamba pa mabotolo a asidi,
yopindidwa bwino, nambala ili pansi.
Akuti palibe amene ikumukwana.
Dashiell ikanamukwana.

Usiku uja, ndikuchotsa udzu m'mano a nsapato,
foni inanjenjemera patebulo.
Sanati pepa. Sanati ndakusowani.
Anangolemba kuti:
umachedwabe kugwera kumanzere.