Mpendero wa Mngelo

Disembala ndi mwezi wathu ife atelala.
Pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi msika wa Zomba,
makina anga amalira ngati nyenje kuyambira m'mamawa:
madiresi a Khirisimasi, mathalauza ofupikitsa,
zipi ya mtsikana wa ku Chikanda yokana kukwera.
Aliyense akufuna zake mawa.
Ine ndimangoti mawa,
Mulungu akudziwa kuti ndikunama,
ngati amamverabe zonena zanga.

Zaka zitatu osaponda pakhomo la tchalitchi.
Chiyambire usiku uja ku Central,
mvula ikumenya malata a wodi ya ana,
Tiyanjane atasiya kupuma m'manja mwa amake,
kumsewu anyamata akuphulitsa makombola.
Diresi lake ndinali nditalidula kale, lachikasu.
Likadali m'sutikesi, lopanda manja.

Ndiye Lachiwiri akutulukira Mayi Makungwa a Sande Sukulu
ndi mtolo wa nsalu zoyala pabedi,
zoyera mwa makedzana, zina za madontho a dzimbiri.
Atelala, angelo asanu ndi mmodzi, pofika Lachisanu.
Ndalama zake musafunse.
Ndidafuna kukana.
Koma miyezo anali atalemba kale kuseri kwa lisiti la feteleza,
ndipo mngelo wachinayi, Ulemu,
chifuwa, phewa, msinkhu,
anali manambala amene ndimawadziwa pamtima.

Ndidasoka usiku magetsi atathima,
phazi likupalasa lokha, kandulo ikutha,
ngumbi zikusiya mapiko pansalu.
Sabata yonseyo phiri lidafunda nkhungu,
osaonetsa ngakhale mtengo umodzi wa paini.
Ndidati, bisalani, nanenso ndabisala.

Lachisanu Likangala adadzaza mpaka m'minda,
matope a ku Sadzi akuvula anthu nsapato.
Angelo ndidawasenza m'jumbo.
Cholinga chinali kupereka pakhomo n'kutembenuka.

Koma kamtsikana kaja katangovala
kadaponda mpendero, nsalu n'kuti kwee!
Abusa a nkhosa atagwira kale ndodo zansungwi,
Yosefe akukanda ndevu zake zathonje,
chidole chitagona m'katoni ya sopo.
Sikadalire mokweza, kadangogwira pong'ambikapo
n'kundiyang'ana.

Singano imakhala pakolala yanga nthawi zonse.
Ndidalowa.
Ndidagwada.

Simenti idazizira monga kale,
idawazindikira maondo anga.
Ulusi kukamwa, sindikadatha kunena kanthu,
mwina n'chifukwa chake ndidamva.
Akwaya akuyesa mawu, wina akutsokomola,
denga likudontha m'beseni pafupi ndi guwa,
ndipo ndidakumbukira mayi uja wa m'Buku
amene sadapemphe, sadafuule,
adangokhudza mphonje ya chovala m'chikhamu cha anthu.
Ine ndinali nditagwira mphonje ndi manja onse awiri.

Agogo, mukulira? kadafunsa.
Ayi, ndi utsi wa kandulo wa dzulo.
Imani bwino, ndingakubayeni.

Ambuye, sindinena kuti chilonda chapola.
Telala amadziwa: chigamba chimaoneka,
ulusi watsopano sufanana ndi wakale.
Koma Inu mudabadwa usiku ngati womwe uja,
kopanda bedi, kopanda dokotala,
amayi anu akukukulungani m'nsalu zimene zidapezeka.
Zaka zitatu ndimayesa mudali kutali, kuseri kwa nkhungu,
osadziwa kuti mumadziwa fungo la wodi ya ana.

Ndidakhala benchi lakumbuyo mpaka sewero kutha.
Mngelo wachinayi adaiwala mawu ake,
mpingo udaseka, nanenso ndidaseka,
phokoso lachilendo pakhosi panga.

Kunyumba amake Tiyanjane adandipeza pakati pa usiku
sutikesi ili yasa, makina akulira.
Sadafunse. Adayatsa kandulo ina
n'kundigwirira nsalu yachikasu kuti isakhudze pansi.
Manja awiri okha, ntchito ya theka la ola.

Kutacha phiri lidavula nkhungu mpaka m'chiuno.
Belu likulira kumtunda.
Diresi lili m'jumbo, mwini wake sitinamudziwe.
Tikamuona kutchalitchi.