Tsamba la Lachiwiri

Lachiwiri lililonse Lekereni amatulutsa tsamba limodzi,
ine ndimaliwerengera pa foni yong'aluka galasi
pano pa Lizulu, pakati pa ndowa za kachewere.

Nangondo anakwera chombo cha m'mlengalenga
kulunjika dziko la madzuwa awiri
mwana wanga Tiyamike asanamere mano.
Mano aja aguluka, ena amera.
Chombo chikadali m'njira.

Mwezi wathawu masamba anayi athunthu
Nangondo akungomwa tiyi, maso ali pa zenera.
Chikhalirecho nkhondo ya njoka zachitsulo,
ija tinaidikira zaka zitatu,
inathera m'timabokosi tiwiri.
Bandulo yanga, abale!

Ndinamupeza pa Dedza boma m'mawa wa chifunga,
jekete yong'ambika pachigongono, zala zakuda ndi inki.
Ndinati, akulu, mayi uja adzafika liti?
Anauzira mpweya m'manja, kuyang'ana kuphiri.
Akafika, anatero, ine Lolemba usiku ndizitani?

Basi ya ku Lilongwe yaima.
Ndathamangira ku mawindo, kabichi m'manja,
foni m'thumba, tsamba lili theka,
Nangondo atangotukula kapu.