Wokolopa M'wodi Alankhula ndi Sakina

Kweza mapazi, Sakina, ndikolope pansi pa bedi.
Ine si namwino, usandiyang'ane choncho.
Changa ndi chidebechi ndi mopu,
zaka khumi ndi zinayi m'chipinda chino,
koma makutu safuna satifiketi.

Wachita bwino kubwera msanga.
Msewu wa ku Makanjira si wa munthu amene matenda amuyamba.
Ndaona ena atachirira pa lole, pakati pa madengu a usipa,
wina pa njinga yamoto, asanawoloke n'komwe mlatho.
Iwe wadikira kuno masabata awiri,
ukudandaula nkhuni zodula ndi kutentha kwa Mangochi.
Dandaula. Kudikira sikunaphepo munthu.

Kabotolo kali m'chikwamako, pansi pa zitenje, ndakaona.
Akupatsa azakhali, eti? Ati mwana afulumire?
Bwera nako ndikakhuthulire m'ngalande.
Mwana sathamangitsidwa ngati minibasi ya ku Liwonde.
Chiberekero chikakakamizidwa chimang'ambika,
ndipo wokolopa magaziwo ndine.

Ululu udzabwera ngati mwera:
kumenya, kuleka, kumenyanso.
Ukaleka, puma, imwa madzi, yenda mpaka pakhonde.
Lira ngati ukufuna.
Amene amati wolira ndi wamantha
anabereka kalekale, anaiwala.
Itana Mulungu, itana amayi ako,
ngakhale Twaibu ali ku Joniyo um'tukwane;
makoma awa amva maina ambiri, sanaululepo.
Koma azamba akati usakankhe, usakankhe.
Akati tsopano,
pereka zonse, ngati ukukoka khoka uli wekha.

Adzamugoneka pachifuwa pako wonyowa, woterera, wotuwa,
nkhope ngati ya wodula tikiti pamsika.
Usadzidabwe chikondi chikachedwa.
Wanga wachisamba ndinamuyang'ana masiku atatu
ngati mlendo wotsika basi yolakwika.
Lachinayi anayetsemula,
ndipo mtima wanga unagwa pansi ngati mbale.
Mpaka lero sindinautole.

Mkaka woyamba uja, wachikasu, wolimba,
usaufinyire pansi. Si wowola.
Ndi chuma chokha chimene sudzagula kwa munthu.
Mawere adzatupa, nsonga zidzang'aluka,
iwe muyamwitsebe, funsa akuonetse kagwiridwe.
Pamchombo pasapite phulusa, mwaye kapena mafuta a nyale,
ngakhale wonenayo akhale wa imvi.
Akupatsa neti.
Alamu ako akadzaipempha kuti akagwirire tinsomba,
uwauze kuti muli kale kansomba kako.

Ukadzabwerera kumudzi, chikuta chidzadzaza aphungu.
Aliyense ndi lamulo lake:
usadye ichi, usathire mchere, usakhale apo.
Gwedeza mutu, landira sopo wawoyo,
kenako idya, ukhute.
Mwana akagona, gona. Pabwalo pasese ena.

Koma ichi chokha undimvere, tsegula makutu.
Magazi akamanyowetsa chitenje ndi chitenje,
mutu ukamawaza, maso akamaona mbuu,
thupi likatentha, lako kapena lake,
iye akakana bere,
nyamuka nthawi yomweyo.
Usadikire foni ya ku Joni ikupatse chilolezo.
Ndalama ya njinga uimange pa mfundo ya chitenje lero lino,
usaimasule ngakhale mchere utatha.

Padzakhala usiku wina
umene udzalira osadziwa chimene ukulira,
mwana ali bwino, iwe uli mbwee misozi.
Si ufiti. Si kusayamika.
Uza munthu.
Zikapitirira, bwera udzauze a m'mayunifolomu oyerawa.
Ine sindinauze aliyense,
ndinangoluma pilo miyezi iwiri.

Wamva? Azana yayamba ku mzikiti wa pamsika,
kunja kukucha.
Bwanji wagwira chitsulo cha bedi choncho?
Yafikanso? Kachingati tsopano?

Taimirira pang'ono...
Aa, nsupa yasweka, mwana wanga.
Ayi, manyazi a chiyani,
pansi pomwe ndakolopa ndikolopanso.
Tsamira paphewa langali.
Anesi! Bedi lachisanu!
Zitenje ndikubweretsera, iwe yenda.
Pang'onopang'ono. Yenda.