Folo pa Chambe

Aphunzitsi a Likoswe anafika pa Likhubula
ndi ndodo, chipewa chaubweya
ndi kafiriji kotuwa ka zogwirira ziwiri.
Ndinakanyamula moyesa: makilo khumi ndi atatu,
batire lisanalowemo.
Ndinafunsa ngati muli mowa.
Anaseka, natsegula.
Timabotolo titatu, tosaposa chala chamkombaphala,
insulini wa matenda awo a shuga.

"Pakagalasi apa pazioneka folo," anatero.
"Osati teni. Osati zilo.
Mankhwalawa akatenthedwa amafa,
akaundana amafanso, ndipo sakuuza."

Ndanyamula zambiri m'phirimu:
mbaula za gasi, mipando yopinda, kamwana ka mlendo katatopa,
kalekale matabwa a mkungudza, usiku, zomwe sindinyadira.
Koma sindinaberekepo katundu wong'ung'udza kumsana
ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini,
kuleka, kuganiza kaye, kuyambiranso.

Pokwera dzuwa linalusa.
Pamwala uliwonse wopumira ndinkatula,
kuyang'ana nambala ndisanapukute thukuta.
Folo. Folo. Faifi pang'ono. Folo.
Daisoni ankandiseka kumbuyo:
"Wakwatira mitala iwe,
wachiwiriyu ndiye wofunsidwa mmene wadzukira kakhumi patsiku."

Pa Chambe tinapeza chiperoni chitatitsogolera.
Sola sinaone dzuwa, inangonyowa.
Batire linataya timizere tiwiri
ndipo mantha anga onse anakhala pamenepo,
kuti likatha, kutentha kulowa.
A Khoviwa, mlonda wa pamsasa, anapukusa mutu:
"Juni uno, mphwanga?
Ukuopa kupsa uli pakati pa dziwe."
Sindinawamve. Ndinakasiya pakhonde kuti kasavutike.

Pakati pa usiku ndinatuluka kukataya madzi.
Udzu unali gwa, ukuthyoka kuphazi.
Ndinaunika tochi.
Kagalasi kankati folo, mosatekeseka,
ngati kalaliki wa pasikelo ya tiyi
amene sanalakwitsepo chibadwire.
Koma madzi a m'kapu yomwe ndinaiwala pambali pake
anali atamera khungu.
Ndinatsegula, n'kupisa dzanja.
Khoma lam'kati linandiluma zala.

Kanali chete, kosang'ung'udza.
Kanaphunzira ntchito imodzi, kuziziritsa,
ndipo phiri litakaposa pa ntchito yomweyo
kanangopinda manja.

Sindinadzutse aphunzitsi, ankaliza mkonono bwino.
Ndinakweza timabotolo patochi, kamodzikamodzi.
Tinali tikadali madzi, tikugwedezeka.
Ndinatikulunga m'sokosi youma,
n'kuika m'thumba la jekete,
kutali pang'ono ndi khungu, kutalinso ndi mphepo,
pamene ndinaganiza kuti folo weniweni angakhale.
Ndinakhala tsonga, nditatsamira chitseko,
kuopa kugudubuzika n'kuphwanya moyo wa munthu,
mpaka akhungubwi atayamba kukangana padenga.

M'mawa anapinda malaya, nadzibaya pamimba,
osatsinzina ngakhale diso.
"Kanagona pa folo?"
Ndinati kanalemba folo.
Anandiyang'ana m'maso mofiira,
anayang'ananso sokosi imodzi yosowa inzake,
nayamba kuseka mpaka kutsokomola.
"Zaka makumi atatu ndaphunzitsa masamu ku Luchenza.
Ndikuwadziwa ana olemba yankho lokhoza
osaonetsa njira."
Anatulutsa kope, nalemba tsiku, malo, ndi mawu awiri
omwe sanandionetse.

Potsika nkhungu inang'ambika cha m'ma teni,
minda ya tiyi inaoneka pansi, yosalala ngati yosita,
ndipo mkazi wanga wachiwiri anayambiranso nyimbo yake kumsana.
Sindinamukwiyire. Masana amagwira ntchito.
Pamwala wopumira ndinkayang'anabe nambala,
kenako n'kutsegula pang'ono, n'kupisa dzanja.

Pa Likhubula anandilipira mtengo wa masiku awiri.
Usiku sitiwerengera, ndi lamulo la bungwe lathu.
Galimoto itapita ndinaona kuti sokosi yanga yapita nawo.
Inzake ili pachingwe kunyumba, mwezi wachitatu uno.