Ulosi wa M'kashopu ka ku Kapata

Pa foni akuti chaka chino
makina atsopano a gemu adzagulidwa mamiliyoni,
atero anthu a mataye
okhala kutali kumene magetsi sathima.
Ndawerenga, ndakanda m'mutu,
ndatsegula kabuku kanga ka masamu
kamene mphemvu zinadya chikuto.
Mamiliyoni awowo akhale nawo.
Ine ndikulosera amodzi basi,
oti afike pano pa Kapata
pakati pa wometa tsitsi ndi mai wa salaula.

Anga alipo awiri, onse okalamba.
Ena akatentha amalira ngati chigayo cha dizilo,
ndimawakupiza ndi katoni.
Enawo batani lomenyera mpira linamira,
Zindaba amalitokosa ndi kamtengo ka machesi
n'kugoletsabe zitatu.

Ulosi wanga suchokera m'kompyuta.
Ndimamvetsera mtengo wa soya.
Soya akakwera ku Chipangali
abambo amalowa m'tauni matumba atatupa,
mwana amazembetsa makwacha awiri a chenji
ndipo amadzathera pa benchi langa.
Soya akagwa, benchi limakhala la ntchentche.
Ndimaonanso tsiku lotsekera sukulu,
maola amene malaiti adzapita,
ndi mitambo ikaunjikana pa Kanjala,
poti denga langa limadontha
pamwamba pa sikirini penipeni.

Ndiye ndalemba:
Epulo, ana makumi atatu patsiku.
Juni, kuzizira, tichotsepo khumi.
Ogasiti, fumbi ndi tchuthi, benchi lidzalira.
Ndachotsa lendi, ndachotsa petulo wa jenereta,
ndachotsa Bisalomu wa njinga
amene amasewera lero n'kulipira mawa losafika.
Yankho latuluka Novembala,
kwacha ikapanda kudwala,
mlamu Shawa ku Lusaka akapanda kuzikomedwa ndalama,
basi ikapanda kufera pa Luangwa.

Fatinesi wasuzumira paphewa panga
mwana ali kumsana:
"Chaka chatha munalembanso Novembala."
Sindinayankhe.
Ndanyowetsa chala, ndatembenuza tsamba.

"Amalume, ya mpira yatsopano ituluka liti?"
Funso limeneli limafika ndisanatsegule loko.
Kwawoko akuti Seputembala.
Kuno idzafika itavalidwa kale
ngati jekete la mai wa pambaliyu,
osewera ake atasintha matimu,
wina atapachika nsapato, wina dazi litamera.
Ya magalimoto ija, yomwe ana aloweza
ndi phokoso la injini lomwe
poionera pa foni yanga yosweka galasi,
aikankhiranso chaka chamawa.
Kani a mataye nawo
ali ndi Novembala wawo.

Chimodzi chokha sindinachione chikubwera:
Tisaine, mwana wa mai wa salaula,
amene ankangoima pachitseko atanyamula mahang'ala.
Lachiwiri anaika kwacha patebulo osalankhula,
anam'kwapula Zindaba zinayi kwa duu.
Lachitatu anabwera ndi anzake asanu,
onse madiresi a sukulu, onse ndalama m'manja,
palibe wa ngongole.
M'kabuku kanga munalibe mzere wa atsikana.
Ndaujambula usiku ndi rula ya mwana wanga.

Dzulo mpira uli pakati, malaiti anapita.
Jenereta inakhosomola kawiri n'kugona.
Ndimati ana amwazikana.
Ayi ndithu, anakhalabe mumdimamo
zala zili pa mabatani akufa,
Zindaba akuulutsa ndi pakamwa:
"Wautenga Tisaine, wam'pita mmodzi, wam'pita wachiwiri!"
Chigoli chimenecho palibe anachiona
koma wometa tsitsi kuseri kwa khoma anakuwa nawo.

Ndinayatsa tochi ya foni,
ndinafufuta Novembala,
ndinalemba Okutobala.
Fatinesi sanaonebe.