Belu la Nyumba Imene Tinagulitsa

Tinagulitsa nyumba ku Bahía Blanca mwezi wa Malichi.
Nélida analirira pakhomo, ine ndinanamizira chimfine,
tinalowa m'nyumba ina, ya matayala anayi:
bedi kumbuyo, mbaula ya gasi, sinki yonga mbale ya ndiwo,
ndi zinkhwe ziwiri zimene ana athu onse anazikana.

Cacho ndi wachipumi chabuluu, wamwano ngati kondakitala.
Pocha wakalamba, diso lakumanzere lachita ng'ala.

Khola ndinalimanga ndi malamba atatu kuseri kwa mpando wanga.
Kamtengo koterapo ndinakatsitsira pansi
kuti ndikaponda buleki asagwe kuchokera patali.
Madzi a m'mbale ankatayika pokhota paliponse,
ndiye tsopano amayamwa m'botolo ngati makanda.
Chiwaya chosamata chija tinasiyira mlamu;
utsi wake, anatero dokotala wa ziweto,
umapha mbalame munthu asanamve n'komwe fungo.

Zaka makumi atatu ndinayendetsa basi ya m'tauni,
ndinanyamula zidakwa, ana asukulu, amayi apakati,
koma sindinakhotepo mwaulemu chonchi.

Masana dzuwa likakwera pagalasi
timayanika thaulo lonyowa mbali imodzi ya khola.
M'sitolo sitilowa tonse awiri,
wina atsale, atsegule zenera, awerenge kupuma kwa mbalame.
Makoko a mpendadzuwa ali paliponse:
m'nsapato, m'bulangeti, pakati pa mapu,
dzulo ndinapeza limodzi likuyandama m'chikho cha mate.

Cacho anaphunzira msewu msanga.
Amalira ngati indiketa, thi-tha, thi-tha, ngakhale taima,
ndipo ndi mawu a mkazi wanga enienieni
amakuwa kuti, Rubén, wasocheranso!
Nthawi zambiri sanama.

Pocha sanatole kanthu panjira.
Ali ndi mawu amodzi okha, omwe ananyamula posamuka:
belu la pakhomo lathu lakale.
Pakati pa usiku, m'chipululu cha Patagonia,
mphepo ikukankha galimoto ngati ikufuna kuidzutsa,
popanda nyumba, popanda galu, popanda nyali kulikonse,
din-don.
Nélida amadzuka, kufufuza patapata ndi phazi,
dzanja limafika pa chitseko
mutu usanamuuze kuti kulibe mlendo,
kulibe khonde, kulibe mtengo wa mandimu.
Amabwerera kudzagona osanena kanthu,
mapazi ozizira ngati chitsulo.

Lachinayi tinafika ku El Cóndor,
kumene phompho la m'mbali mwa nyanja ndi zibowo zokhazokha
ndipo m'chibowo chilichonse muli chinkhwe chakutchire.
M'mawa zinatuluka zikwizikwi, zikukalipirana,
thambo lonse linasanduka msika.
Cacho anakhala chete.
Aka kanali koyamba chichokereni kwathu.
Anapendeketsa mutu, nthenga zonse zitamatirira thupi,
kumvetsera chinenero chimene sanaphunzitsidwe.

Chala changa chinali pa kachitseko ka khola.
Usayerekeze, anatero Nélida, osatembenuka,
akupitiriza kusenda apulo.
Sindikanatero. Ndikudziwa zimene kunja kumachita
ndi mbalame yodziwa indiketa yokha.
Komabe chala chinakhalapo kanthawi.

Kenako Pocha anayang'ana khamulo ndi diso lake labwinolo,
anadzikung'untha, nayeretsa kukhosi,
din-don,
ngati waona alendo ndipo wina apite akawatsegulire.

Nélida anaseka mpaka mpeni unagwa.
Anaseka nthawi yaitali kuposa mmene nthabwalayo inalili,
ndipo ine ndinatuluka kukaona matayala
omwe ndinali nditawaona kale.

Madzulo ndinamanganso malamba, lina ndi lina,
ndinaphimba khola ndi nsalu ya zenera lathu la kukhitchini,
yamaluwa achikasu, yothothoka m'mphepete.
Mawa tilowera kum'mwera.
Gasi watsala theka, mpendadzuwa thumba limodzi.